Mapale a ku Mikhate

Iwe Gelesomu, phale ukufuna kukazingira chimangalo walitola kuti? Kuwaya? Kaliponye komweko, ndipo usambe m'manja usanagwire chakudya. Ukundiyang'ana chiyani? Ndati kaliponye! Enanu sonkhezani chikuni icho, njovu sizibwera msanga lero. Khalani pansi ndikuuzeni za mlamu wanga Nachanza. Wina asayerekeze kuyankha kuti "tili tonse", chifukwa iyi si nthano, ndipo amene ndikumukambayo sitili naye.

Nachanza anali mkazi wa malemu achimwene anga, woumba mbiya wodziwika dera lonse lino. Iye ankaumba, ine ndinkanyamula panjinga kupita nazo kumsika. Pakamwa pake panali poyabwa ngati chitedze. Ndisanamange n'komwe katundu, iye wayamba kale: "Alamu, mukandiswera mbiya imodzi, musabwerere kuno, mukakwatire komweko." Tinkatukwanizana tsiku lonse, koma ndinkamukonda mlamu wanga, ndisakunamizeni.

Zinthu zinayamba kuvuta chaka chimene eni nkhalangoyi anasendeza waya kubwera nawo kufupi ndi midzi. Sindikuti analakwa ayi, njovu zinali zitatimaliza. Koma mtapo, pamene amayi ankakumba dothi loumbira, unatsalira mkati. Dothi la kunja kuno ndi lachabechabe. Uumbe bwinobwino, ukulungize mpaka thukuta, ukangoika pamoto, phwa! Oumba ali ndi nzeru yawo: amasinja mapale a mbiya zakale n'kusakaniza ndi dothi kuti lilimbe. Nachanza anasinja mapale onse a m'mudzi muno mpaka nkhuku zinasowa pomwera madzi.

Mukudziwa kuti m'chilimwe agemu, alonda a nkhalangoyi, amatsegula geti masiku ochepa kuti anthu amwete udzu wofolera nyumba. Chaka chimenecho Nachanza analowa nawo. Madzulo atabwera, ine ndi amene ndinamutula mtolo, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa nawo.

"Mlamu, mwamweta udzu kapena miyala?"

"Tsekani pakamwa, alamu, anthu akumva."

Atamasula mtolowo kuseri kwa nkhokwe, m'kati munatuluka mapale. Anali okhuthala ngati chikhatho, ofiira, ojambulidwa nyanga za njati ndi mizere yopotanapotana. Palibe woumba wa kuno amajambula zotero. Ndinadziwa pomwepo kuti wafika ku Mikhate.

Ku Mikhate ndi kuseri kwa phiri liri mkatimo, lija limaoneka ukaima pachulu. Kuli bwinja la anthu amene palibe akuwadziwa. Makolo athu pofika kuno anapeza liri bwinja kale. Ndiye tamverani, ana inu. Mzimu wa kwanu umaudziwa dzina, ukaulakwira umathira nsembe n'kuupepesa. Nanga wa anthu osadziwika dzina, mtundu kapena chiyankhulo, ungayambire pati? N'chifukwa chake ngakhale osaka nyama mozemba ankalambalala malo amenewo.

Ndinamuuza zimenezi. Iye anangoseka.

"Ndi mapale chabe awa, alamu. Eni ake anapita kalekale. Mukufuna tizidya udzu ngati njati?"

Anasinja, anasefa, anakanda dothi lake. Mbiya zimene zinatuluka pamoto ulendo umenewo, eee! Palibe ndi imodzi yomwe inang'aluka. Ukagogoda ndi chala inkalira kuti ngwiii, kulirako osatha msanga, mpaka umachita kuigwira kuti ikhale chete. Madzi a m'mitsuko yake ankazizira mpaka kuwawa m'mano. Kumsika amayi ankachita kulimbirana ndisanatsike n'komwe panjinga. Ine ndemwe ndinaiwala mantha anga, ndinayamba kuyenda ngati mwini sitolo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Choyamba chinali chaching'ono. Nachanza ankasunga mbiya zake pakhonde atazivundikira. M'mawa wina anazipeza zonse zitatembenuzidwa, kukamwa kuli kumwamba, zitandandalikidwa bwinobwino kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono. Anakalipira ana a m'mudzi, anawo n'kulumbira kuti sanafikeko. Mawa lake chimodzimodzi.

Kenako munsi wake unasowa, uja ankasinjira mapale. Tinafunafuna. Anaupeza ndi amayi otola nkhuni, utatsamira pamtengo tsidya lina la waya, mkati mwa nkhalango. Pansi panalibe phazi la munthu. Palibe analimba mtima kupempha agemu kuti atitengere.

Kuchokera tsiku limenelo tinayamba kumva kusinja. Osati usiku ayi, masanasana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale njiwa zimakhala duu. Kuchokera kuphiri kuja: thi, thi, thi. Munthu mmodzi, wosafulumira. Agalu akamva ankalowa pansi pa nkhokwe. Amayi kuchitsime ankasiya kucheza n'kumangoyang'ana zidebe zawo, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kunena kuti wamva.

Ogula nawo anayamba kudandaula. Mayi wina wa kutsidya kwa dambo anandiimitsa pamsika.

"A Damiyano, mtsuko munandigulitsa uja ngwotani? Ndimadzaza madzulo, m'mawa ndimapeza uli gwaa, koma pansi posanyowa. Sukudontha ayi. Zikukhala ngati wina akumwa."

Ndinamuyankha mwachipongwe kuti afunse amuna ake.

Tsiku lomwelo pobwerera ndinadzera njira ya m'mbali mwa waya, nditatsala ndi mtsuko umodzi pakaliyala. Kunali kotentha, njira yonse zii. Patsogolo panga ndinaona mayi ataima pakati pa njira. Ndinaimba belu, iye osasuntha, mpaka ndinatsika. Nkhope yake sindingakuuzeni, ndipo si kuti ndikubisa. Ndinamuyang'ana ndithu, koma ndikafuna kukumbukira palibe chimabwera. Chimene ndikukumbuka ndi mapazi. Anali otuwa ndi phulusa mpaka m'maondo.

"Zikomo amayi, tidutse nawo."

Anazungulira njinga, n'kuika dzanja pamtsuko paja n'kumausisita monga mmene umasisitira mwana wodwala. Kenako anayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akubwereka mawu a eni ake.

"Uwu ndi wa kwathu. Wauumba ndani?"

Sindinatchule dzina, Mulungu ndi mboni. Koma iye anatembenuka n'kuyang'ana kumudzi kuno, molunjika denga la Nachanza, ngakhale kuti pamalo paja mudzi suoneka. Ndinakwera njinga n'kupalasa osacheuka. Pofika kunyumba mtsuko uja unalipo, zingwe zili chimangire, koma m'kati munali phulusa lodzaza dzanja.

Tsono apa ndi pamene nkhani inafika pa Lezina. Lezina ndi mwana yekhayo wa Nachanza, ena onse anamwalira ali akhanda. Nthawi imeneyo anali ndi pakati poyamba, mwamuna wake ali kuganyu kuesiteti ya fodya. Mayi ake ankamusamala ngati dzira. Mwambo wa oumba mukuudziwa: woyembekezera sayandikira dothi loumbira, mbiya zingasweke. Ndiye Lezina ankakhala kwake, dothi linkakhala kuseri kwa nkhokwe litafunditsidwa masamba a nthochi.

Mtsikana wansangala uja anayamba kuchepetsa mawu. Kusinja kuja kukangoyamba, iye ankasiya chilichonse chimene wagwira n'kunyamuka. Tinkamupeza ataima pawaya, mphuno itatsala pang'ono kukhudza magetsi, maso ali kuphiri.

"Lezina mwanawe, ukufuna chiyani kuno?"

"Ndili ndi ludzu, bambo aang'ono."

"Madzi ali kunyumba, tiye."

"Osati amenewo. A kwathu."

Ndinayang'ana pansi. Mapazi ake anali otuwa ndi phulusa, pamene tsiku limenelo sanayandikire moto.

Nachanza atamva anathamangira kuseri kwa nkhokwe, ine pambuyo. Anafundukula masamba a nthochi aja. M'mbali mwa dothi munali mokobolakobola, zala za munthu zikuoneka bwinobwino. Inu anyamata simungadziwe, koma amayi oyembekezera amalakalaka dothi, ena amatafuna la chiswe la pamtengo, ena amachita kugula kumsika. Lezina anapeza lake pafupi, lozizira bwino, losefasefa.

"Lezina! Wakhala ukudya dothi langa?"

"Linkandinunkhira bwino, amayi. Ndinkangotsinako pang'ono."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija munalikanda."

Mlamu wanga anakhala pansi, pafumbi pomwepo, manja ali kumutu. Mayi wolimba uja, amene pamaliro a mwamuna wake anali kulimbikitsa ife, anayamba kulira mokweza.

"Mayo ine, ndadyetsa mwana wanga zinthu za eni ake! Alamu, nditani ine?"

Tinagwirizana kuti tibweze zonse. Ndinayenda midzi yonse kumene ndinagulitsa mbiya zija. Sindinavutike n'kupempha komwe, ambiri anali atazitulutsa kale panja, ena anachita kundithokoza. Dothi lotsala tinalikulunga m'thumba. Kenako tinapita kwa a Kaphuka, mmodzi wa agemu, bambo wachikulire amene anakhala pageti paja zaka zambiri. Ndinkayembekeza kuti atikalipira za kuba zinthu za m'nkhalango. Iwo anangomvetsera, n'kufunsa funso limodzi.

"Mayi, munatola ogwa pansi, kapena munaswa?"

Nachanza anaweramitsa mutu. "Ogwa pansi anali ofumbutuka. Ndinagogoda ndi mwala mkhate wina umene unali chiimire."

A Kaphuka anapumira m'mwamba, n'kukatenga mfuti yawo ndi wilibala.

Tinalowa m'mamawa, mbiya zina pawilibala, zina panjinga, zina pamutu pa Nachanza. M'njira a Kaphuka anatiuza kuti anaperekezako azungu ofukula zakale kumaloko. Mmodzi wa iwo akuti ananena kuti kutali kwambiri, pachilumba china chotchedwa Krete, kunalinso anthu a mitsuko yotalika ngati munthu, okonda kujambula ng'ombe zamphongo. Nyumba zawo zikuluzikulu zinagwa, ulemerero wawo unatha, ndipo mpaka lero ophunzira amakangana chimene chinawagwetsa, ena akuti chivomerezi, ena phulusa la phiri lophulika, ena nkhondo.

"Nanga a kunowa chinawachotsa n'chiyani?" ndinafunsa.

"Azunguwo anati abweranso adzafufuze. Anagona usiku umodzi, m'mawa anapasula matenti. Sindinawaonenso."

Ana inu, ine ndayenda, koma malo ngati amene aja sindinawaonepo. Phiri lonse kuseriko ndi makwerero a miyala yoyalidwa ndi manja, mitengo ikuluikulu itamera pakati pa zipupa. Nthaka yake ndi phulusa lokhalokha, phazi limalowa. Mphero zili m'malo mwake, mwala woperera uli pamwamba, ngati mwini wake wangopita kukatunga madzi. Ndipo mikhate, abale! Ina munthu wamkulu atha kuimamo osaoneka. Kunalibe mbalame, kunalibe ndowe ya nyama iliyonse. Njovu zimene zimagwetsa chilichonse m'nkhalango muja, njira yawo inkafika m'malire n'kukhota.

Nachanza anatitsogolera pa mkhate umene anaswa. Unali ndi chibowo m'nthiti. Tinatsitsa mbiya zonse n'kuziika mozungulira, thumba la dothi pakati. Iye anagwada n'kuwomba m'manja.

"Pepani eni malo. Sindikudziwani maina. Ndinalakwa ndine, katundu wanu ndi uyu."

Kenako mbiya zonse zija zinayamba kulira zokha, ngwiii, popanda wozigogoda. A Kaphuka anakweza mfuti, n'kuitsitsanso, poti ungaombere chiyani? Nachanza anaimirira, n'kulowetsa mutu pachibowo chija ngati munthu amene waitanidwa. Anakhalitsa. Ine ndinkangoona msana wake ukukwera ndi kutsika. Atatulutsa mutu, nkhope yake inali itagwa.

"Akuti sizinakwane."

"Sizinakwane bwanji, mlamu? Ndatolera zonse, ndikulumbira!"

"Akuti chotsalacho chibwera chokha, ndi miyendo yake."

Tonse tinadziwa kuti chotsalacho chili mwa yani. Koma Nachanza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kubwereranso pachibowo paja. Ulendo uno anayankhula mokweza, mawu ake aja a pamsika.

"Tamverani! Mwana wanga sanaswe kanthu. Woumba ndine. Mkhate wanu ndikuumbirani wina, wofanana ndi womwewu, ndi dothi la kwanu konkuno. Koma Lezina ndi chimene wanyamula muwasiye!"

Kulira kwa mbiya kuja kunaleka nthawi yomweyo.

A Kaphuka anati zimenezo n'zosatheka. Mkhate wotero suumbidwa tsiku limodzi, umafuna kuumba pang'ono, kudikira uume, n'kuonjezanso, mwina mwezi wathunthu, ndipo lamulo silola munthu kugona m'nkhalango. Anati akakamba ndi akuluakulu awo. Nachanza sanatsutse. Anayenda patsogolo pathu njira yonse.

Titafika tinapeza amayi atatu atamugwira Lezina pawaya, akulimbana naye. Lezinayo anali atapeza pamene njiri zinakumba pansi pa waya, ndipo anali atalowetsa kale mutu ndi mapewa, ndi mimba yakeyo. Sankalira, sankakuwa. Ankangoti, "Ndisiyeni, akundidikira." Lezina sanawazindikire n'komwe mayi ake.

M'bandakucha ndinamva kugogoda pakhomo panga. Anali Nachanza, atamanga chitenje m'chiuno, m'manja muli kansengwa ka zipangizo zake, nkhulungo ndi zitsononkho zosalazira.

"Alamu, mundiyang'anire Lezina."

"Mlamu, dikirani a Kaphuka ayankhe kaye. Kapena tipite tonse."

"Akuluakulu awo akamayankha, mwana wanga adzakhala atalowa kale. Inu mukatani kumeneko, kuumba mumakudziwa? Ndi mkhate umodzi wokha, ndikangomaliza ndibwera."

Ndinamugwira mkono. Misozi inali ikutsika, sindichita manyazi kunena.

"Taonani, bambo wamkulu ndi ndevu zake kulira m'mawa uno. Anthu aziti ndakumenyani. Ndisiyeni."

Anadzera pa una wa njiri womwe uja. Ndinamuona akukwawa, akuimirira tsidya linalo, akusasa fumbi m'maondo. Kenako udzu unamumeza.

Dzuwa litatuluka Lezina anadzuka n'kupempha phala. Anadziyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Iii, ndadetsedwa chonchi ndi chiyani?" Anasamba, phulusa linachoka, silinabwerenso. Kenako anafunsa kuti amayi ali kuti. Mwa ntchito zonse ndagwirapo pa moyo wanga, palibe yolemera ngati kuyankha funso limenelo.

Agemu anafunafuna masiku ambiri, ndipo sindingawanene, anayesetsa. Ku Mikhate ankapeza mapazi ake paphulusa, mapaziwo osapita kulikonse. Lezina anachira bwinobwino kuchipatala, mwana wamkazi wonenepa, tinamutcha Fanesi. Tinati basi, mkhate watha kapena watsala pang'ono, mlamu abwera adzanyamule mdzukulu wake. Lezina ankasesa m'nyumba ya mayi ake tsiku ndi tsiku.

Mwezi utatha, tinaona utsi woonda ukukwera kuseri kwa phiri, utsi wa makungwa, wa munthu amene akuwotcha mbiya. Ndinathamangira kwa a Kaphuka. "Wamaliza! Tiyeni tikamutenge!" Njira yonse ndinali kutsogolo, nkhalamba ija ikundithamangira.

Mkhate tinaupeza. Unaima pambali pa wosweka uja, wamtali kundiposa, wosalala, nyanga za njati zitazungulira. Milomo yake inali yopindira kunja monga ankapindira Nachanza, ine sindingasokoneze, ndanyamula mbiya zake zaka zambiri. Nditaugwira unali wofunda. Ndinakuwa ndi chimwemwe.

"Mlamu! Mwamaliza! Tulukani tizipita, Lezina ali ndi mwana wamkazi!"

Kusinja kumene kunkamveka chapafupi kunaima. Ndinadikira. Ndikulumbira kuti ndinamva munthu akupuma kuseri kwa chipupa, kupuma kwa munthu amene akufuna kuyankha. Ndinathamangirako, kunalibe munthu. Kusinja kunayambiranso, mbali ina.

A Kaphuka anandikoka malaya n'kuloza pansi. Pafupi ndi mkhate watsopanowo panali tsinde la wina, longoyambidwa kumene, dothi lake lili lonyowa, litafunditsidwa masamba aawisi. Apo m'pamene ndinakweza maso n'kuyang'ana bwino phiri lonse lija. Kuyambira pamwamba mpaka kumunsi, pa khwerero lililonse, panali mikhate yosweka. Ina inaphwanyidwa ndi mizu, ina inagwa yokha kalekale. Yosawerengeka. Anthu aja anakhala zaka zonsezo opanda woumba. Mlamu wanga analonjeza umodzi, koma iwo anali atapeza munthu wodziwa ntchito.

Ndinalira ngati mwana, a Kaphuka anachita kundikoka kuti tituluke dzuwa lisanapendeke.

Mpaka lero, chilimwe chilichonse utsi uja umakwera. Agemu atsopano amati ndi opha nyama, amathamangirako, amapeza phulusa lofunda basi. Lezina akauona amasiya ntchito, amamuveka Fanesi diresi lake labwino, n'kupita naye pawaya. Amamukweza paphewa n'kumuyang'anitsa kuphiri.

"Amayi, muoneni. Wakula uyu. Mukamaliza mubwere."

Ine sindilola kuti apite okha. Ndimaima kumbuyo kwawo nditagwira mwendo wa mwanayo ndi manja awiri, chifukwa utsi uja ukamakwera, Fanesi amaseka n'kutambasula manja, ngati pali wina tsidya linalo amene akuti bwera ndikunyamule.